Henry Royce: Mwana wa pa Chigayo Amene Anapanga Galimoto ya Mafumu

A Mkonzi atandipempha kuti ndilembepo za moyo wa munthu wina wotchuka, poyamba ndinaganiza za andale ndi abusa monga achitira anzathu ena m'mbuyomu, koma mtima wanga unakana. Ndasankha mmisiri wa ku England amene anamwalira m'chaka cha 1933, makolo a ambiri a ife asanabadwe. Dzina lake ndi Frederick Henry Royce, ndipo theka la dzina la galimoto ija ya Rolls-Royce ndi lake.

Ine ndinakulira pafupi ndi Kamwendo, komwe bambo anga ankagwira ntchito pa chigayo cha dizilo. Injini yake inali ya Lister, ndipo ikalira m'mamawa mudzi wonse unkadziwa kuti kunja kwacha. Tsiku lina, ndili mu Sitandade 4, amalume anabwera kuchokera ku Blantyre komwe ankagwira ntchito, ndipo usiku anatisimbira za galimoto ya Rolls-Royce imene malemu Dr. H. Kamuzu Banda ankakwera pa zochitika zikuluzikulu za boma. Amalume sanachulutse za kukongola kwake. Chimene chinawaimitsa mutu n'chakuti galimotoyo inadutsa pafupi ndi pamene anaima, koma iwo sanamve kulira kwa injini. Bambo anga, amene makutu awo anali atayamba kale kugontha ndi phokoso la chigayo, anaseka kwambiri. Anati amalumewo anasokonezedwa ndi nthungululu za amayi, chifukwa injini yosalira ndi injini yozima. Mtsutso umenewu sunathe usiku umenewo.

Patapita zaka, ndili ku yunivesite ku Zomba, ndinawerenga mbiri ya amene anapanga galimotoyi. Ndinkayembekeza kupeza mwana wa mpondamatiki wophunzira kwambiri, koma ndinapeza mwana wa pa chigayo ngati ine ndemwe.

Henry anabadwa pa 27 Marichi 1863 m'mudzi wa Alwalton, pafupi ndi tauni ya Peterborough, ndipo anali womaliza mwa ana 5. Bambo ake, a James Royce, ankachita lendi chigayo cha tirigu, koma bizinesiyo inagwa ndipo banja linasamukira ku London. M'chaka cha 1872 bambowo anamwalira, Henry ali ndi zaka 9 zokha. Kuyambira pamenepo mnyamatayu anayamba kugulitsa nyuzipepala pa masiteshoni a sitima, kenaka n'kupeza ganyu yoperekera matelegalamu khomo ndi khomo. Nthawi yonse imene anakhalako m'kalasi pa ubwana wake, tikaiphatikiza, inali pafupifupi chaka chimodzi.

Mwayi unamutulukira m'chaka cha 1878, pamene azakhali ake anavomera kumulipirira kuti akaphunzire ntchito ya manja ku malo okonzera sitima a kampani ya Great Northern Railway ku Peterborough. Kumeneko anaphunzira kusula, kupala ndi kuyeza zitsulo, ndipo usiku ankadziphunzitsa yekha masamu ndi za magetsi. Koma patatha zaka 3 ndalama za azakhali zinatha, ndipo Henry anachoka asanamalize maphunzirowo. Anagwira ntchito ya malipiro ochepa ku Leeds pa kampani yopanga zipangizo, kenaka anabwerera ku London komwe analembedwa ntchito pa kampani ya magetsi, uku akupita ku sukulu ya madzulo. M'chaka cha 1882 anamutumiza ku Liverpool kukagwira ntchito yoika magetsi m'misewu ndi m'nyumba za zisudzo, koma nayonso kampani imeneyo sinakhalitse.

Pofika m'chaka cha 1884, ali ndi zaka 21, anali atasunga mapaundi 20. Anagwirizana ndi mnzake Ernest Claremont, amene anali ndi mapaundi 50, ndipo anatsegula kamalo kogwirira ntchito mu msewu wa Cooke Street ku Manchester. Anayamba ndi tinthu tating'onoting'ono monga mabelu a magetsi a pakhomo. Pofika m'chaka cha 1894 anali akupanga madayinamo ndi makina a magetsi onyamulira katundu wolemera m'mafakitale, ndipo katundu wawo anatchuka chifukwa sankawonongeka msanga. Awiriwa anakwatira pachibale, ndipo a Royce anakwatira Minnie Punt m'chaka cha 1893.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 malonda anayamba kuvuta chifukwa makina otchipa ochokera ku Germany ndi ku America anadzaza msika. A Royce anakana kutsitsa mtengo pogwiritsa ntchito zitsulo zosalimba. Pa nthawi yomweyo anali atagula galimoto yogwirapo kale ntchito ya mtundu wa Decauville, yopangidwa ku France. Galimotoyo inkayenda ndithu, koma phokoso ndi kunjenjemera kwake zinkawasowetsa mtendere. Anaiphwasula, n'kukonza apa ndi apo, mpaka anaona kuti kuli bwino angopanga yawo. Mothandizidwa ndi anyamata awiri ophunzira ntchito, anapanga magalimoto 3 a injini ya masilinda awiri. Pa 1 Epulo 1904 anaiyendetsa yoyamba kuchokera ku Cooke Street mpaka kunyumba kwawo ku Knutsford, mtunda wa mamailosi 15, popanda chovuta. Apa n'kuti ali ndi zaka 41. A Royce sanatulukire galimoto ayi, popeza inalipo kale. Iwo anangotenga chinthu chimene ena ankati chili bwino, n'kuchotsamo cholakwika chilichonse chimene khutu ndi dzanja lawo linapeza.

Imodzi mwa magalimoto atatuwa inapita kwa a Henry Edmunds, mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo, amene ankadziwana ndi mnyamata wina wa ku London, Charles Stewart Rolls. Ameneyu anali wosiyana ndi a Royce pa chilichonse. Anabadwa m'chaka cha 1877, bambo ake anali Lord Llangattock, ndipo anaphunzira ku Eton, sukulu ija imene Kamuzu Academy inatengerako chitsanzo, kenaka ku yunivesite ya Cambridge. Anali ndi malo ogulitsira magalimoto ochokera ku France ndi ku Belgium, koma ankafunitsitsa kupeza galimoto yabwino yopangidwa kwawo komweko. A Royce sanafune kusiya ntchito kuti apite ku London, choncho mwana wa Lord uja ndi amene anakwera sitima kukawapeza. Anakumana pa 4 Meyi 1904 ku Midland Hotel ku Manchester. A Rolls atayendetsa galimotoyo anakhutira, ndipo m'mwezi wa Disembala chaka chomwecho anasainirana pangano lakuti azigulitsa magalimoto onse amene a Royce angapange, dzina lake likhale Rolls-Royce. Kampani ya Rolls-Royce Limited inakhazikitsidwa m'chaka cha 1906.

Galimoto imene inatchukitsa dzinali anaionetsa ku London kumapeto kwa chaka cha 1906. Inali ya masilinda 6, ndipo injini yake inali ya malita 7. Silinda iliyonse inali ndi mapulagi awiri, chitsulo chachikulu chozungulira m'kati mwa injini chinkagona pa mabering'i 7, ndipo oyilo ankakankhidwa ndi pampu kuti afike paliponse pofunika. Chitsulo chilichonse chinkayezedwa mobwerezabwereza kuti chilowane ndi chinzake popanda mpata wogwedera. Amakanika athu akudziwa kuti phokoso la injini limachokera pa zitsulo zogwedera ndi zosalingana kulemera, kotero mukachotsa zimenezi phokoso limachepa ndipo injini imakhalitsa. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti amalume aja sananame kwenikweni, ngakhale bambo anga anamwalira asanavomereze.

Amene anadziwa kulengeza ubwino wa galimotoyi anali a Claude Johnson, woyendetsa za malonda pa kampaniyo. M'chaka cha 1907 anatenga imodzi, n'kuipaka utoto wa siliva, n'kuitcha Silver Ghost, kutanthauza mzukwa wa siliva, chifukwa inkadutsa mwakachetechete. Anaiyendetsa mamailosi 15,000, maulendo ambiri ali a pakati pa London ndi Glasgow, akuluakulu a bungwe la Royal Automobile Club akuonerera. Mtunda umenewu ndi makilomita oposa 24,000, monga kupita ku Lilongwe kuchokera pa Mchinji n'kubwerako maulendo oposa 100, m'misewu yoipa ya nthawi imeneyo. Ataiphwasula pambuyo pake anapeza kuti zitsulo zoyenera kusintha zinali za mapaundi awiri ndi mashiling'i awiri ndi makobiri 7 basi. Olemba nkhani anayamba kuitchula kuti ndiyo galimoto yoposa zonse pa dziko lapansi. Kampani inasamukira ku fakitale yatsopano ku Derby m'chaka cha 1908, ndipo kufikira m'chaka cha 1922 inkapanga mtundu umodzi wokhawu. Iwo ankapanga injini ndi thunthu la pansi, ndipo bodi yake ogula ankakapangitsa kwa amisiri ena monga Barker ndi Hooper, aliyense monga mwa kukonda kwake ndi kulemera kwa thumba lake.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. A Royce anali munthu wovuta kugwira naye ntchito. Ankafuna kuti aliyense agwire ntchito maola ambiri monga iwo, ndipo sankachedwa kukalipa akaona ntchito yochitidwa mwa mgwazo. Eni ake ankaiwala kudya ndi kugona, mpaka thupi linawakana. M'chaka cha 1910, pa 12 Julayi, a Rolls anafa pa ngozi ya ndege ku Bournemouth ali ndi zaka 32, ndipo anali Mngelezi woyamba kufa pa ngozi ya ndege ya injini. Chaka chotsatira a Royce anadwala kwambiri, ndipo m'chaka cha 1912 anawachita opaleshoni yaikulu ku London, madokotala n'kunena kuti atsala ndi miyezi yochepa. Chaka chomwecho banja lawo linatha, ndipo analibe mwana.

Ngakhale zinali choncho, anakhalabe ndi moyo zaka zina 21. Sanathenso kukhala ku Derby. M'nyengo yozizira ankakhala ku Le Canadel, kummwera kwa France, ndipo m'nyengo yotentha ankakhala kummwera kwa England, komwe kuyambira m'chaka cha 1917 anakhazikika m'mudzi wa West Wittering. Namwino wawo, a Ethel Aubin, anawasamalira mpaka imfa. Kagulu ka akatswiri ojambula mapulani a makina kankawatsatira kulikonse, ndipo pulani iliyonse inkayenera kudutsa m'manja mwawo isanapite ku fakitale. Makalata a malangizo amene ankatumiza ku Derby anachuluka kotero kuti anawasonkhanitsa n'kukhala buku lophunzitsira amisiri.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka m'chaka cha 1914, magalimoto a Silver Ghost anawaveka zitsulo zotchinga zipolopolo, ndipo ena mwa iwo anafika ku East Africa, ku nkhondo imene agogo athu a King's African Rifles anamenya nawo. A Royce anayambanso kupanga injini za ndege. Yoyamba, yotchedwa Eagle, inalira m'chaka cha 1915. M'mwezi wa Juni 1919, John Alcock ndi Arthur Brown anawoloka nyanja ya Atlantic osaima, kuchokera ku Newfoundland kukatera ku Ireland, pa ndege ya injini ziwiri za Eagle. Injini ina ya a Royce inapambanitsa dziko la Britain pa mpikisano wa liwiro la ndege wa Schneider Trophy m'zaka za 1929 ndi 1931. M'chaka cha 1930 mfumu inawapatsa ulemu wa Sir. Anamwalira ku West Wittering pa 22 Epulo 1933 ali ndi zaka 70. Injini yomaliza imene anaiyamba, imene pambuyo pake inatchedwa Merlin, inalira koyamba patangopita miyezi yochepa iwo atamwalira, ndipo ndi imene inkaulutsa ndege za Spitfire, Hurricane ndi Lancaster pa nkhondo yachiwiri. M'chaka cha 1962 anaika zenera lowakumbukira m'tchalitchi cha Westminster Abbey, momwe amavekera ufumu mafumu a ku England.

Magalimoto amene ambiri a ife timawaona m'zithunzi ndi m'mafilimu anapangidwa iwo atapita kale, ku fakitale ya ku Crewe, kuyambira m'chaka cha 1946. Phantom IV inapangidwa 18 yokha, ya mabanja achifumu ndi atsogoleri a maiko, ndipo yoyamba inapita kwa Elizabeth m'chaka cha 1950, asanalowe ufumu. Silver Cloud inatuluka m'chaka cha 1955. Silver Shadow, imene inapangidwa kuyambira 1965 mpaka 1980, inafika pafupifupi 30,000. Inali ya zitseko 4, injini ya masilinda 8, mipando ya chikopa chenicheni, matabwa osalala kutsogolo kwa dalaivala, ndi makina odzikonzera okha msinkhu wa galimoto ikalemedwa kumbuyo. Pamphuno pa iliyonse pamakhala kafano ka mkazi wowerama ngati akuuluka, kamene Charles Sykes anakaumba m'chaka cha 1911. Kampaniyo inagwa m'chaka cha 1971 chifukwa cha ndalama zambiri zimene inalowetsa pa injini ya ndege ya RB211, boma n'kuitenga, ndipo mbali ya magalimoto inapatulidwa. Kuyambira m'chaka cha 2003 magalimoto a Rolls-Royce akupangidwa ku Goodwood, ndipo mwini wake ndi kampani ya BMW ya ku Germany.

N'zosadabwitsa kuti Kamuzu, amene anakhala ku Britain kuyambira 1937 mpaka 1953 ndipo ankakonda suti ndi chipewa cha Chingelezi, anakondanso galimoto imeneyi. Kwa ife ana a nthawi imeneyo, amene ambiri tinkapita ku sukulu opanda nsapato, Rolls-Royce inkatanthauza ulamuliro ndi chuma chimene sitingachilote. Ena mwa inu mudzati galimoto yodula chotere sinali yoyenera m'dziko losauka, ndipo ine sindikutsutsani. Koma ndikaiganizira lero, sindiona wokwera kumbuyo uja. Ndimaona mmisiri amene anakana kulola bawuti imodzi yogwedera kutuluka pa chipata cha fakitale, ndiponso ndimaona azakhali aja amene ndalama zawo zinathera panjira.

Chifukwa chake n'ichi. Amene tinali limodzi mu Fomu 2 mukumukumbukira mnzathu uja, sindimutchula dzina, amene ankakonza mawailesi a aphunzitsi ndipo ankatiposa tonse pa Physical Science. Bambo ake atamwalira pakati pa chaka, sanabwerenso teremu yotsatira. Tinafunsana kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka tinaiwala. Chaka chatha, ndikuchokera ku msonkhano kufupi ndi chipata cha Mwami, galimoto ya ku ntchito inatizimira panjira. Dalaivala anathamanga kukaitana makanika, ndipo amene anabwera pa njinga, atanyamula masipanala m'thumba la feteleza, anali iyeyo. Anauza dalaivala kuti alize injini, n'kutchera khutu kanthawi, ndipo asanatsegule chilichonse anali atadziwa kale kuti vuto lili pa pampu ya mafuta. Pasanathe ola tinali okonzeka kunyamuka. Anandizindikira bwinobwino, koma nthawi yonseyo ankanditchula kuti bwana. Ndinamuuza kuti asiye zimenezo, koma anangomwetulira. Ulendo wonse wobwerera ku Lilongwe sindinayankhule ndi munthu.

Sindikunena kuti mnzathuyu akanapanga Rolls-Royce. A Royce anakulira m'dziko limene linali ndi mafakitale, sukulu za madzulo ndi anthu a ndalama ofuna kugula makina, zimene kwathu kuno n'zosowa. Komanso sindikunena kuti sukulu ilibe ntchito, popeza iwo eni anaifunafuna usiku ataweruka. Chimene ndikunena n'chakuti pa moyo wawo panali anthu awiri amene anachita zimene ife tingathe. Azakhali anawalipirira zaka 3, ndipo zaka zimenezo ndi zimene zinawapatsa luso la m'manja. A Rolls, ndi digiri yawo ya ku Cambridge, sanachite manyazi kukwera sitima kukapeza mmisiri wa zovala za girizi, n'kuika dzina lawo pambali pa lake. Ife amene tinapita ku yunivesite ndipo tikukhala m'maofesi, malo athu m'nkhaniyi ndi a anthu awiri amenewa.

Tsono pa msonkhano wathu wa pachaka, nkhani yothandiza ana osowa ikadzabweranso, ndidzapempha zinthu ziwiri. Choyamba, mwana amene tamutenga timutenge mpaka amalize, ngakhale zitatanthauza kuti tithandiza ana ochepa. Chachiwiri, tisamangoyang'ana okhawo amene akulowera ku yunivesite. Namitete Technical College ili pa msewu wathu womwewu wopita ku Lilongwe, ndipo mwana amene ali ndi khutu lomva injini ayenera kupeza thandizo lathu mofanana ndi amene akufuna kudzakhala loya kapena dokotala. Mnzathu uja ali ndi mwana wamkazi mu Fomu 1, ndipo anandiuza kuti ndi amene amamugwirira masipanala Loweruka. Dzina lake ndalipereka kale kwa a Msungichuma, pamodzi ndi chopereka changa cha chaka chino.

Tidzaonana pa msonkhano.